Mbalule ya Eni Mchenga: Kutamanda Agulugufe a ku Perth

Wambani ng'oma, anyamata, chikopa chikungike. Wa mbalule akhale pafupi ndi ine, wa mpanje apo, wa gunda kumbuyo. Amayi, pukutani manja, nthungululu ikhale pafupi. Amene tikuwaitana m'bwalo lero salemera kuposa nyemba imodzi, koma maina ali nawo, ndipo mwini dzina saitanidwa ndi mluzu.

Tisanaponde tiyambe tagwada. Zikomo eni dziko, a Whadjuk a mtundu wa Noongar, inu amene malo ano mumawatcha Boorloo pamene mapu akuti Perth, inu a mtsinje wa Derbarl Yerrigan umene alendo adautcha Swan. Mudali pano mibadwo yosawerengeka James Stirling asanakocheze zombo zake mu 1829. Chaka chanu chili ndi nyengo zisanu ndi imodzi, ndipo mumadziwa nyengo imene agulugufe, amene mumawatcha bindi-bindi, amatuluka. Ife ndife obwera, tanyamula ng'oma ya kwathu. Tiloleni tiiombe pamchenga wanu.

Mbalule, lankhula!

Iwe Namchenga, mayi wotuwa wogona pakati pa nyanja yamchere ya India ndi mapiri a Darling. Chimwamadzi, mvula ikagwa m'mawa masana wauma. Mkanakhasu, mlimi wa chimanga angakuone n'kugwira pakamwa. Komatu ndiwe wobala. Udabala banksia wa ngala zoimirira, udabala balga wa thunthu lakuda ndi tsitsi la udzu, udabala jarrah, marri ndi tuart, ndipo kumapazi kwawo udayala timitengo ndi timaudzu mitundu mazanamazana. Kumeneko, m'munsi mwa bondo la munthu, ndiko kuli mudzi wa amene tikuwaimbira.

Kale nsalu yako idali yosang'ambika, kagulugufe kankatha kuchoka pachitsamba ichi kupita pa icho, mwana wake n'kupitiriza, mdzukulu n'kukafika kutsidya la chigwa osaponda pachilendo. Lero mzinda wa anthu oposa 2 miliyoni watambalala m'mbali mwa nyanja makilomita pafupifupi 150, kuchoka ku Two Rocks mpaka kupitirira Mandurah, ndipo nsalu ija yatsala zigamba. Mu 2016 boma la Australia lidalemba nkhalango za banksia za m'chigwa chino m'kaundula wa zachilengedwe zimene zili pangozi yotha. Owerenga adapeza kuti chigamba chapakatikati, chimene kale chidali mahekitala 146, tsopano ndi hekitala 1.6. Maekala anayi okha, abale. Kuzungulira kwake phula, njerwa, malata ndi kapinga wothiriridwa ndi mipope.

Ayambe kulowa alendo, poti mpando umayambira kwa mlendo.

Lowani a Danaus plexippus, a Chiyendayenda, a Mkanjo-wa-moto ochokera ku America, inu amene mudafika ku Australia cha m'ma 1870 mutadumpha zilumba za Pacific. A Sadyedwa, a Wowawa-m'kamwa-mwa-mbalame, poti mbozi zanu zimasunga m'thupi poizoni wa chomera chimene zimadya. Nanga chomeracho kuno n'chiti? Ndi Gomphocarpus fruticosus, chitsamba cha zipatso zofufuma za minga yofewa, chochokera kum'mwera kwa Africa, chimene boma la Western Australia limalamula kuti chizulidwe poti chimadwalitsa ziweto. Mlendo wa ku America akudyera m'mbale ya mlendo wa ku Africa pabwalo la a Noongar. Vinani, mwavina bwino, koma musachedwe.

Lowa iwe Pieris rapae, Kayera, Mdyakabichi wa ku Ulaya, mdani wa dimba. Pali mpiru ndi kabichi pamenepo ndi kwanu. Mpanda suudziwa, Kwinana Freeway umaidumpha uku ukusewera.

Lowani a Vanessa kershawi, mbadwa koma yoyenda, a Mtsatamaluwa ouluka m'chigulu kulowera kum'mwera maluwa akamasula. Za eni mumadya, capeweed wa ku Cape mumadyanso, simusankha mbale. Lowani a Vanessa itea, a Lamba-wachikasu, a Mkwerachitunda, inu amene dzuwa likapendeka amuna anu amasonkhana pamwamba pa zitunda kudikira akazi, poti m'dziko lalikulu chotere osakwatira amafunika malo amodzi okumanirana. Pambali panu pakhale msuweni wanu Vanessa cardui, yemwe uja timamuona ku Dedza ndi ku Nyika, amene ku Australia kuno amaoneka cha ku Fremantle, ku Bunbury ndi pachilumba cha Rottnest. Iyeyu ndiye Mdulanyanja: mu Okutobala 2013 anzake adapezeka pagombe la French Guiana mapiko atang'ambika, ndipo akatswiri atafufuza mungu umene udawamatirira ndi mphepo ya masiku amenewo adatsimikiza kuti adanyamuka kumadzulo kwa Africa, makilomita oposa 4,200 pamwamba pa madzi. Amayi, nthungululu imodzi!

Imodzi yokha. Awa sasowa wowaimbira, ndiwo ali pamakalendala ndi pazitenje. Mzinda ukamakula iwo amakula nawo, ndipo munthu akawaona pamaluwa a pakhonde amati agulugufe alipo, vuto lili pati? Vuto lili kuseri kwa waya, kwa amene pakhonde panu sadzafikapo.

Tsitsani manja tsopano, mbalule ilankhule pang'onopang'ono. Akulowa eni mudzi.

Tulukani a Synemon gratiosa! A Mwana-wa-dzuwa, a Chibisamoto, a Mfumu-ya-Malichi. Fuko lanu ndi la njenjete, oyenda usiku, koma inu mudakana nyali n'kusankha dzuwa lili paliwombo. Mukatera pamchenga mapiko apamwamba otuwa moderako amakufundani, munthu angakupondeni osadziwa. Mukanyamuka, pansi pa chofundacho pamatuluka psuu! mapiko a moto. Mutatambasula onse simupitirira mamilimita 35.

A Sadya, a Kamwa-lotseka! Timadzi ta m'maluwa simudziwa kukoma kwake, poti mudabadwa opanda podyera. Kamba wa moyo wanu wonse mudadyeratu muli mbozi, mumdima, m'tsinde la Lomandra, chaka chathunthu kapena kupitirira. Ndiye mumatuluka kumapeto kwa Febuluwale ndi m'Malichi, nyengo imene a Noongar amaitcha Bunuru, mchenga ukuotcha mapazi, tchire lonse lili gwaa, anzanu ambiri atabisala. Masiku anu apamtunda ndi 2 mpaka 10. M'masiku amenewo mulibe phwando, mulibe ulendo. Mwamuna agwire bwalo lake, mkazi amupeze, mazira aikidwe patsinde, basi.

Tamuonani mwamunayo. Wasankha kampata koyera, kanjira ka mchenga kapena njira yolambulidwa yotchingira moto. Wakhala pakamtengo kouma, mapiko atapinda, tinyanga tili tcheru. Mnzake akangodutsa, vuu! onse awiri m'mwamba, kuzungulirana, kupirikitsana, kenaka mwini malo wabwerera pakamtengo komweko ngati sipadachitike kanthu. Ikakwana 3 koloko masana, kapena mtambo ukaphimba dzuwa, kapena mphepo ya kunyanja imene eni mzinda amaitcha Fremantle Doctor ikalimba, gule watha, tionana mawa ngati mawa lilipo.

A Mbale-ziwiri! Lomandra hermaphrodita m'nkhalango za banksia, Lomandra maritima pamilu ya mchenga kugombe. Kupatula ziwirizi mbozi yanu ingafe ndi njala pakati pa masamba obiriwira. A Sapita-kutali, mamita mazana ochepa ndilo dziko lanu lonse. Amene ali ndi sabata imodzi yokha ndi mimba yosadzazidwanso angawoloke bwanji msewu wa mizere inayi, sitolo, sukulu ndi nyumba mazana awiri kukafuna tsinde limene sakuliona?

Mu 2009 boma la Australia lidakulembani kuti muli pangozi, ndipo omanga nyumba adayamba kukudziwani dzina, poti pulani ya mudzi wathunthu inkatha kuima kudikira Malichi kuti aone ngati mulipo. Taganizani, kanthu kosadya kuimitsa buludoza! Kuyambira 2010 akatswiri ndi anthu ongodzipereka adayenda m'milu ya mchenga nakupezani m'malo ambiri, kuchokera cha ku Kalbarri kumpoto mpaka ku Binningup kum'mwera, ndipo mu 2013 adakufufutani m'kaundula uja. Nkhani yabwino, sitikana, kuwerenga kudachitika mwachilungamo. Koma woomba ng'oma naye ali ndi pakamwa. Amene adapezeka ochuluka ndi a kugombe. A m'zigamba za banksia mkati mwa mzinda adakali ochepa, banja lililonse m'khola lake, ndipo kufufutidwa m'buku sikudawameretsere ngakhale tsinde limodzi la Lomandra.

Gunda, vomera! Mpanje, dula!

Tuluka iwe Hypochrysops halyaetus, Mkanda-wa-kumadzulo, Ndolo-ya-Koondoola, Kang'anima! Pamwamba buluu wonyezimira, pansi chikasu cholembedwa mizere yofiirira ya m'mphepete mobiriwira. Dziko lonse lapansi kulibe kwina kumene umapezeka, ndi kumadzulo kwa Australia kokha, m'mbali mwa nyanja. Nyengo yako imayamba ndi Kambarang, Okutobala ndi Novembala, maluwa atadzaza tchire.

Mleredwa-ndi-nyerere, Mwana-wa-alonda! Mayi wako saikira mazira pachitsamba chilichonse. Amafuna Jacksonia sternbergiana kapena Daviesia divaricata, zitsamba za fuko la nyemba, koma chitsambacho chinenepe bwanji, ngati palibe nyerere za Crematogaster perthensis, zija zoimika matako m'mwamba zikakwiya, iye amapitirira. Mbozi ikaswa nyerere zimaizinga. Masana imagona m'nyumba mwazo, kukada imakwera kukadya alonda ali m'mbali, kukamacha imatsika nawo. Malipiro ake ndi timadzi totsekemera totuluka pamsana pa mboziyo. Mavu ndi akangaude akayandikira amapeza mpanda wa mano. Ndiye wofuna kusunga kagulugufe aka asunge chitsamba, asunge nyerere, asunge malo amene nyerere imamangamo, asungenso kufupika kwa mtunda pakati pa zonsezi. Chitsamba mungagule kunazale. Nyerere mukaigula kuti?

Kwanu ndi ku Koondoola, tchire la mahekitala oposa 100 kumpoto kwa mzinda, lotsekedwa ndi Marangaroo Drive, Alexander Drive ndi Beach Road. Kumeneko John Dover ndi mnzake adakutsata nalemba za iwe mu 2005. Abale athu a ku Africa okhala ku Mirrabooka, ku Balga ndi ku Girrawheen amadutsa pampanda wako m'mamawa popita kuntchito, maso ali pafoni. Ndi angati akudziwa kuti kuseri kwa wayayo kuli mfumu?

Uli ndi m'bale wako kumtunda, Ogyris subterrestris petrina, Mlowa-kuuna, amene mbozi yake imakulira pansi, m'nyumba ya nyerere za Camponotus. Ankadziwika pamalo amodzi okha, ku Lake Douglas pafupi ndi Kalgoorlie. Cha m'ma 1993 adazimirira, anthu n'kuyamba kufuna nsalu ya maliro. Mu 2006 adaonekanso ku Barbalin pafupi ndi Mukinbudin, m'kachigamba ka mitengo pakati pa minda ya tirigu. A ku England nkhani ya nyerereyi adaimva mochedwa. Gulugufe wawo wabuluu, Phengaris arion, adatha mu 1979 ngakhale adamumangira mipanda, chifukwa ziweto ndi akalulu zitachepa udzu udatalika, nthaka idazizira, nyerere ya Myrmica sabuleti n'kusamuka. Jeremy Thomas ndiye adamasula mfundoyo, koma mbewu adachita kukaitenga ku Sweden.

Fulumizani ng'oma, ena akudikira pamzere.

Iwe Mesodina cyanophracta, Msokamasamba, Mgona-chadodolido, mbozi yako imalumikiza masamba a Patersonia ndi ulusi wake, kupanga kachitoliro kotsegula kumunsi, n'kugonamo mutu pansi, thupi litapakidwa ufa woyera. Iwe Trapezites argenteoornatus, Madontho-a-siliva, Mnansi-wa-mafunde, wodya Acanthocarpus wa minga pamilu imene aliyense akufuna kumangapo nyumba yoyang'ana nyanja. Inu a Geitoneura minyas ndi a Geitoneura klugii, a Mtundu-wa-tsamba-louma, odumphadumpha m'udzu wa mumthunzi. Ndi inu a Heteronympha merope, a Nadikira, mayi woleza mtima: mumakwatiwa kutentha kukuyamba, amuna n'kutha, inu n'kubisala mumthunzi miyezi yonse ya dzuwa, kudikira mvula yoyamba ya nyengo imene a Noongar amaitcha Djeran imeretse udzu wanthete kuti ana akaswa apeze chakudya. Mvula ikachedwa mumadikirabe. Koma kudikira kuli ndi malire, amayi, thupi si nkhokwe yosatha.

Tsopano ng'oma itchule owerenga, poti wosawerenga mbuzi zake sadziwa tsiku limene fisi adayamba.

Matthew Williams, wa ku dipatimenti yoona zachilengedwe ya Western Australia, a Mapazi-osatopa, adayenda m'zigamba 46 za tchire pakati pa 2001 ndi 2005, njira zomwezo kubwerezabwereza, maso patchire, kabuku m'manja. Adalemba mitundu 35 ya agulugufe ndi mitundu 5 ya njenjete zamasana. Chigamba china chidali ndi mitundu 27, china mtundu umodzi wokha. Adapeza zomwe bwalo lino laona: kuli oyenda, amene mzinda suwaopsa, ndipo kuli okhala, ndiwo ambiri, amene kunja kwa tchire lachibadwidwe sabereka. Kwa okhalawo kukula kwa chigamba ndi nkhani, inde, koma pamodzi nako pali kuchuluka kwa chomera cha mbozi ndi thanzi la tchirelo. N'chifukwa chake ine ndimakana ndikamva wina akuti kachigamba aka n'kakang'ono, tingomangapo. Funso ndi lakuti, mwameramo chiyani, ndipo mnansi wake ali patali bwanji?

Tchulaninso malemu Ilkka Hanski wa ku Finland, a Mwerengamidzi, amene adatisiya mu 2016. Kuyambira 1993 iye ndi ophunzira ake ankayendera timabwalo ta udzu pafupifupi 4,000 pazilumba za Åland chaka ndi chaka, kuwerenga zisa za mbozi za Melitaea cinxia. Adaona kuti chaka chilichonse midzi ina ya agulugufe imatha, ina imabadwa pamene padali pabwinja. Palibe mudzi umodzi wokhalitsa, chokhalitsa ndi kuyenderana. Mayi mmodzi wonyamula mazira akatha kuuluka kuchoka pabwalo ili kufika palo, moto umene udazima uko umayakanso. Akalephera, bwinja limakhala bwinja. Mu 1998 gulu lomweli lidaonetsanso kuti midzi yokwatirana pachibale imatha msanga kuposa ina. Ntchito yotere ndi ya maso ndi zala: kugwira gulugufe ndi kaukonde, kumutsina bwinobwino, kumulemba nambala paphiko ndi cholembera, kumutaya, mawa n'kukamufunanso kuti adziwe wayenda mamita angati. Ambiri a mitundu yokhala amapezeka pafupi ndi pomwe adatayidwa. Akafika m'mphepete mwa tchire amatembenuka. Mmodzi mwa ambiri ndiye amalimba mtima, ndipo mtundu wonse umapachika moyo wake pa mmodzi ameneyo.

Wa ku Lilongwe, ku Dowa kapena ku Mchinji safunika kupita ku Finland kuti amve zimenezi. Imani pachulu m'chilimwe muyang'ane: minda ili mbee mpaka pomwe maso alekezera, ndipo apa ndi apo kamsitu kobiriwira. Ndi manda. Nkhwangwa idawaopa, n'chifukwa chake mitengo yachibadwidwe idatsala pamenepo. Kings Park, Bold Park, Star Swamp, Trigg, Wireless Hill, Shenton, Kensington, Koondoola, imeneyi ndiyo misitu ya Perth. Kusiyana kwake n'kwakuti pakati pa manda athu pali mapesi, udzu wa m'malire ndi mitengo ya mango pomwe kachirombo kangapumire. Pakati pa misitu ya Perth pali madenga otentha ndi magalimoto othamanga makilomita 100 pa ola.

Landira ulemu wako iwe Kings Park, Kaarta Gar-up, Nkhalamba-ya-pachitunda, wopatulidwa mu 1872, mahekitala 400 pakati pa mzinda, magawo awiri mwa atatu akadali tchire. Landira wako iwe Bold Park, mahekitala oposa 430, wonyamula chitunda cha Reabold pomwe munthu amaona nyanja uku ndi nyumba zosanja uko. Inu ndinu akulu. Koma wamkulu wopanda ana omuzungulira ndani adzamutapire moto wake ukazima?

Poti imfa ya m'chigamba sibwera tsiku la buludoza. Imabwera pangongole. Tchire likadulidwa agulugufe amatsalamo zaka khumi, makumi awiri, anthu n'kumati onani, palibe chaonongeka. Kenaka chaka chimodzi cha chilala, kapena moto umodzi wodya chigamba chonse masana amodzi, ndipo palibe mnansi wodzadzaza nyumba. Mitengo idzaphuka, maluwa adzamasula, woyenda ndi galu adzati tchire labwerera. Koma Malichi adzafika pakamtengo kouma palibe wokhalapo.

Tembenuzani ng'oma, tiwatchule nawonso, poti wolakwa amatchulidwa dzina pabwalo.

Iwe Ehrharta calycina, udzu wa veldt, Mlandamalo wa ku South Africa, udabwera kudzakhala msipu wa ziweto n'kulowerera m'tchire. Umamera msanga, umauma msanga, umaitana moto, ndipo moto ukadutsa ndiwe woyamba kudzuka kuti uitanenso wina. Iwe Phytophthora cinnamomi, Mdyamizu, Kayenda-m'matope, wokwera pansapato ndi pamatayala, wopha banksia ali chiimire. Iwe moto wa machesi a wopulupudza, Chinyambita! Eni dziko ankatentha mwanzeru, kachigawo aka chaka chino, ako chaka china, ndipo mbewu zambiri za kuno zimadikira utsi kuti zimere, monga akatswiri a ku Kings Park adasonyezera. Moto wotero unkasiya pothawira. Wako sutero, maekala anayi umawamaliza munthu asanathe kuimbira ozimitsa. Iwe thambo louma, Mkanamvula: mvula ya Meyi mpaka Julayi kum'mwera chakumadzulo kuno yatsika ndi pafupifupi 20 peresenti chiyambire 1970, madzi a pansi pa Gnangara atsika nawo, mipope ikukoka, ndipo chilimwe cha 2023 mpaka 2024 chidasiya mitengo youma m'matchire ambiri.

Ndi iwe buludoza, Chimezatchire, Sagwada, Mlowa-osaodira! Mu Disembala 2016 udalowa m'madambo a Beeliar, pakati pa Bibra Lake ndi North Lake, kulambula njira ya msewu wa Roe 8. Anthu adagona m'mitengo, ena adadzimangirira kumakina, ambiri adagwidwa ndi apolisi. Chisankho cha Malichi 2017 chidasintha boma la Western Australia, msewu udaimitsidwa, koma mpata udali utalambulidwa kale. Chiyambire pamenepo anthu akubzalamo mbande ndi manja. Zimene udagwetsa m'miyezi itatu, adzukulu ndiwo adzakhale pamthunzi wake.

Pepala nalo tilitchule. Mu 2000 boma la Western Australia lidatulutsa ndondomeko ya Bush Forever: malo 287, mahekitala oposa 51,000, ndi cholinga chosunga gawo limodzi mwa magawo 10 a mtundu uliwonse wa tchire. Pepalalo ndi labwino, popanda ilo zigamba zambiri bwenzi zili pansi pa simenti. Koma mzere wa pamapu suzula udzu, ndipo ena mwa malowo akhala akudyedwa m'mphepete, apa msewu, apo njanji, uko bwalo la ndege. Aliyense wodula amati ndangotengako pang'ono.

Mbalule ikwere tsopano! Amayi imirirani, nthungululu zonse zimene mudasunga zija zituluke, akulowa a Maondo-akuda!

Lowani agogo opuma pantchito a zipewa zotambalala, lowani ana asukulu, lowani magulu a abwenzi a tchire amene mu 1993 mudagwirana manja kupanga Urban Bushland Council. A Salipidwa, a Msana-wopindika, a Mlera-za-eni! Loweruka m'mawa ena akadali m'bulangeti inu muli chogwada pamchenga, kampeni m'manja, kudula veldt m'munsi mwa tsinde mosamala kuti musagwedeze muzu wa Lomandra uli pambali, thumba likudzaza ndi anyezi a gladiolus wa ku Cape. Polowa ndi potuluka mumatsuka nsapato ndi bulashi ndi spiriti kuopa kunyamula Mdyamizu. Madzulo muli kumsonkhano wa khonsolo, mapu m'manja, kukangana za kamzere ka tchire kamene injiniya akukaona ngati malo otsala. Inu mumadziwa kuti kamzereko ndi mlatho. M'mbali mwa njanji, kuseri kwa sukulu, m'mphepete mwa bwalo la gofu, pansi pa mawaya a magetsi, m'menemo ndimo mayi mmodzi wolimba mtima uja angapumire asanafike kuchigamba china.

Fupani, abale, fupani ovina! Koma ndalama ya pachipumi awa saifuna.

Inu akumudzi, musati zimenezi n'za azungu okhuta. Matondo a ku Kasungu ndi mphalabungu zathu ndi mbozi, mayi wake amauluka, ndipo naye ali ndi mitengo yake imene amaikirapo. Msitu wa manda mukaudula kuti muotchere njerwa, ndi wina wa mudzi woyandikana nawo n'kudulidwanso, musadzafunse kuti ndiwo zija zidapita kuti. Amfumu, gwirani nkhwangwa za anthu anu.

Ndi inu a Malawi, a Zambia ndi a Mozambique amene muli ku Perth, anamwino, ophunzira, a kumigodi, oyendetsa mabasi. Ngati muli ndi kabwalo pakhomo, chotsaniko kapinga pang'ono mubzale Patersonia, Jacksonia, Lomandra ndi Parietaria wa a Lamba-wachikasu, musapoperepo mankhwala. Dziwani kuti zimenezo zithandiza oyenda msanga kuposa okhala, choncho musalekere pomwepo. Funsani gulu la abwenzi a tchire lapafupi ndi kwanu tsiku lozula udzu, khasu ndi kugwada tidakula nazo. Khonsolo ikaitanitsa maganizo pa kachigamba kamene akufuna kudula, lembani kalata, musainire dzina lanu. Novembala akafika tengani ana mupite ku Koondoola mukaone Kang'anima, Malichi mubwererenso pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana mukafune a Chibisamoto m'tinjira ta mchenga. Nsapato mutsuke polowa, galu akhale pachingwe, ndipo muyende m'njira.